Mlendo Wovala Minga

Mamita makumi awiri pansi pa boti la Chandi,
kumene dzuwa la ku Curaçao limafika litatopa,
ndinamupeza ali lende kudenga la phanga,
mimba kumwamba, msana pansi,
ngati nyanjayi ndi yake, aitembenuze mmene afunira.

Sanathawe.
Ine chithanki kumsana, thovu lili bwibwibwi,
mkondo wa mano atatu m'dzanja,
iye phee,
mizere yofiira ndi yoyera yodutsa mpaka m'diso,
zipsepse tambasu ngati siketi ya wovina tumba
wodziwa kuti msewu wonse ukumuyang'ana.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.
Uyu anadza ndi minga khumi, isanu ndi itatu,
yambiri pamsana, yotsalayo kumimba,
munga uliwonse ndi ngalande yake ya ululu.
Nsomba ya mkango, timatero,
ngakhale sindinamvepo akubangula.

Ndinadikira kuti ndione kadyedwe kake.
Kamwana ka gutu, nsomba yomweta ndere m'matanthwe,
kochepa ngati chikhadabo changa,
kanabwera kudzasewera pamphuno pake.
Make sanakachenjeze. Akanati chiyani?
Nkhope iyi mulibe m'mantha a nyanja ino.
Iye anasendera pang'ono, pang'ononso,
kukatsekereza pakona ndi zipsepse,
n'kukauzira kamadzi kumaso kuti katembenuze mutu.
Kwapu!
Kukamwa sindinakuone kukutseguka.
Panangotsala malo pomwe kanali.

Kumtunda, ku Westpunt, Ludwina amadikira ndi sizasi.
Amayamba wadula minga, kuiika m'chitini,
kenako kung'amba mimba n'kuwerenga mokweza,
kope lili pabondo lanyowa:
tinsomba khumi ndi tinayi, nkhanu imodzi,
ndi kena kosadziwikanso dzina.
Chifu ichi, akutero, chimatanuka ngati thumba la pamsika,
ndipo mwini wake sadziwa mawu akuti ndakhuta.
Wamkazi samaliza sabata asanaikire,
mazira zikwizikwi m'timatumba tiwiri tanandananda
toyandama pamwamba, mafunde n'kutinyamula
kupita ku Aruba, ku Colombia, popanda pasipoti.

Chandi salowa m'madzi, mawondo anamukana.
Amangolavula n'kunena za kale,
mono ukutuluka wolemera mpaka chingwe kulira.
Lero ometa matanthwe akudyedwa ali makanda,
ndere zamera ndevu pakorali,
ndipo shaki, mfumu yathu ija,
amangomununkhiza mlendoyu n'kupotoloka.

Anandibayapo kamodzi, atafa kale.
Chala chinatupa ngati soseji,
moto unakwera mpaka kukhwapa,
ndinatukwana m'zinenero zitatu
dzanja lili m'beseni la madzi otentha.
Madzulo omwewo tinamukazinga ndi ndimu.
Mnofu woyera, wofewa, wopanda mlandu.

Koma pansi paja, mkondo ndisanaumasule,
pamakhala kamphindi kamene sindiuza Ludwina.
Uyu sanapemphe ulendo.
Kwawo ndi kutali, kuseri kwa dziko,
kumene tinsomba timamudziwa n'kumupatuka.
Amati makolo ake ankakhala m'galasi, pabalaza la munthu,
kukongoletsa khoma pafupi ndi wailesi yakanema,
kufikira tsiku lomwe mwini nyumba anatopa nawo
n'kukawakhuthula kudoko.
Anganso makolo anawoloka nyanja yomweyi
m'mimba mwa sitima, osafunsidwa.
Ndimamuyang'ana m'diso lodulidwa ndi mzere lija.
Amandiyang'ana.

Ndimamasula.

Lero taphapo makumi atatu ndi mmodzi.
Otsala ayamba kundidziwa:
akamva thovu langa amalowa m'ming'alu,
amatuluka chisisira, ine mpweya utatha.
Ndipo kumunsi, kumene khoma la korali limagwera mumdima,
kumene wotchi yapamkono imandikalipira kuti bwerera,
ndimawaona ali ndandanda, mbuu,
onenepa, osatekeseka,
akupepesera zipsepse pang'onopang'ono
ngati anthu amene anamasula kale katundu.